Kodi kuletsa mowa ndi kumene kunabala zigawenga ku America?

Mayi wina watilembera motere: "Ndine mayi wa zaka 52, ndimakhala pafupi ndi msika wina m'boma la Ntcheu. Kwathu kuno kachasu watitha. Chaka chino chokha taika anyamata awiri m'manda, ndipo mlamu wanga malipiro ake onse amathera kwa otcheza. Amayi a kumpingo tagwirizana zopita kwa a gulupu kuti akhazikitse lamulo loti m'midzi yathu musapezeke mowa wa mtundu uliwonse. Koma mwana wanga amene ali ku koleji wandigwetsa mphwayi. Akuti ku America anayesapo zimenezi, mapeto ake kunabuka zigawenga zoopsa monga Al Capone, anthu n'kumamwabe. Kodi n'zoona? Ndiye tingokhala manja lende ana athu akutha?"

Mayi, choyamba pepani ndi zovutazo. Kuika anyamata awiri m'chaka chimodzi chifukwa cha botolo si nkhani yaing'ono, ndipo inu ndi amayi anzanu simunalakwe kudzuka. Mwana wanunso sananame. Zimene wanenazo zinachitikadi, kungoti wakupatsani mutu ndi mchira, thunthu lake walisiya. Ine nkhani imeneyi ndaiphunzitsa m'kalasi kwa zaka zoposa 20, ndipo ndakhalapo pa mabwalo angapo a mafumu pamene ankakambirana za mowa monga mukufuna kuchitira inumu. Ndiloleni ndiifotokoze mofatsa, chifukwa muli zinthu zimene zikuthandizeni musanakaonekere kwa a gulupu.

Mwina mudabwa kumva kuti amene anayambitsa nkhondo yolimbana ndi mowa ku America anali amayi opemphera ngati inu nomwe. Chakumapeto kwa 1873, m'tauni ya Hillsboro m'chigawo cha Ohio, amayi ankatuluka m'tchalitchi atandandalika pa mzere, n'kukagwada pakhomo la malo omwera mowa m'nyengo yozizira koopsa, akuimba nyimbo za Mulungu ndi kupemphera mpaka mwini malo atatseka. Chaka chotsatira kunabadwa bungwe la amayi achikhristu lolimbana ndi mowa, la Woman's Christian Temperance Union. Madandaulo awo mukanawamva mukanati akunena za mlamu wanu: bambo walandira malipiro, wadzera ku bala, wafika kunyumba chimanjamanja, ana agona ndi njala, mkazi akafunsa walandira makofi. Mu 1893 kunabweranso bungwe lolimbana ndi malo omwera mowa la Anti-Saloon League, limene pambuyo pake linkayendetsedwa mochenjera ndi loya wina, Wayne Wheeler. Iwowa sankafunsa kuti phungu ndi wa chipani chanji. Wovomera kuletsa mowa ankamuvotera, wokana ankamugwetsa, basi.

Zinthu ziwiri zinawapatsa mphepo yabwino. Kale boma la America linkadalira kwambiri msonkho wa mowa, koma mu 1913 linayamba kudula msonkho pa ndalama zimene munthu amapeza, ndiye msonkho wa mowa ukanatha kusiyidwa. Kenako mu 1917 America inalowa nkhondo yolimbana ndi Germany, pamene eni makampani akuluakulu ofulula mowa monga Busch, Pabst ndi Schlitz anali ochokera ku Germany komweko. Kuwaikira kumbuyo kunkaoneka ngati kugulitsa dziko. Mu January 1919 zigawo zokwanira zinavomereza kusintha kwa nambala 18 kwa malamulo aakulu a dzikolo, kumene kunaletsa mowa, ndipo chiletso chinayamba kugwira ntchito pa 17 January 1920.

Apa ndi pamene muyenera kutchera khutu, chifukwa ming'alu inali m'lamulo momwemo. Lamulolo linaletsa kupanga, kugulitsa, kunyamula ndi kulowetsa mowa m'dziko, koma kumwa silinaletse. Amene anagula mowa tsikulo lisanafike anali ndi ufulu womwera m'nyumba mwake. Popeza panadutsa chaka chathunthu, olemera anadzaza zipinda zawo zapansi ndi mabokosi okwanira zaka zambiri, pamene wogwira ntchito m'fakitale, amene ankagula tambula imodzi akaweruka, anangoona chitseko chatsekedwa. Kuyambira tsiku loyamba osauka anaona kuti lamuloli ndi lawo okha. Chinanso, anthu ambiri ankaganiza kuti aletsa mowa waukali wokha. Koma lamulo la Volstead, limene linkafotokoza kayendetsedwe ka chiletsocho, linati chakumwa chilichonse chopitirira theka la 1 peresenti ndi choledzeretsa. Biya ndi vinyo zinalowa m'thumba limodzi ndi whisky. Mabanja ochokera ku Italy, Germany, Ireland ndi Poland, amene kwawo kumwa pang'ono pa chakudya unali mwambo, anadzuka m'mawa atasanduka olakwa.

Panalinso zipata zimene anazisiya dala. Dokotala ankaloledwa kulembera wodwala kalata yokagulira whisky ku sitolo ya mankhwala, pafupifupi theka la lita pa masiku 10 alionse. Mipingo inkaloledwa vinyo wa mgonero ndi wa miyambo ya Ayuda. Mabanja ankaloledwa kufinya madzi a zipatso kunyumba, ndipo madzi a mphesa akakhalitsa mukudziwa chimene amasanduka. Mafakitale ankaloledwa sipiliti wopangira utoto, mafuta onunkhira ndi mankhwala. Loya wina wa ku Chicago, George Remus, amene kale anali wogulitsa mankhwala, anawerenga lamulolo mzere ndi mzere n'kuona pamene panali polowera. Anasamukira ku Cincinnati, anagula mafakitale otcheza whisky amene anali ndi migolo yotsala, anagulanso makampani a mankhwala kuti azidzigulitsa yekha mowawo ndi mapepala ovomerezeka, kenako anyamata ake omwe ankabera malole akewo pamsewu, katundu n'kulowa msika wamdima.

Nanga osunga lamulo anali angati? Poyamba boma linalemba anthu pafupifupi 1,500 okha kuti ayang'anire dziko lonse lija, ndi malire ake aatali ndi Canada ndi Mexico, kuphatikizapo magombe a nyanja ziwiri zazikulu. Malipiro awo anali ochepa, pamene wozembetsa mowa akanatha kuwapatsa malipiro a mwezi wathunthu kuti angoyang'ana kumbali kwa mphindi zisanu. Pofika 1931, oposa 1,500 mwa onse amene anagwirapo ntchitoyi anali atachotsedwa chifukwa cha ziphuphu ndi milandu ina. Zigawo zina zinangosiyiratu: Maryland sinakhazikitse n'komwe lamulo lake lothandizira chiletsochi, ndipo New York inafafaniza lake mu 1923.

Mowa unkalowa mbali zonse. Pakati pa mzinda wa Detroit ndi Windsor wa ku Canada pali mtsinje chabe, tsidya linalo n'kumaliona ndi maso. M'chilimwe mabwato ankaoloka usiku, m'chisanu madzi akaundana magalimoto akale ankayenda pamwamba pake atadzaza mabokosi. Ku nyanja ya Atlantic, sitima zochokera ku Bahamas ndi ku zilumba za Saint-Pierre ndi Miquelon zinkaima pa mzere kunja kwa malire a madzi a America, kumene lamulo silinkafika, timaboti taliwiro n'kumatapa katundu kupita naye kumtunda. Koma mowa wambiri unkapangidwa m'dziko momwemo. Ku Chicago, abale a banja la Genna anagawira mabanja osauka a m'dera la anthu ochokera ku Italy zipangizo zotchezera, shuga ndi yisiti. Munthu ankalandira madola 15 patsiku pongosonkhezera moto ndi kuyang'anira madontho, ndalama yoposa kutali imene akanapeza pokumba ngalande. Fungo la mowa wowira linkamveka m'misewu yonse ya deralo, ndipo apolisi mazanamazana ankapita okha ku nyumba yosungiramo katundu ya abalewo kukalandira chibanzi chawo cha pamwezi.

Tsopano ku funso lenileni la mwana wanu: kodi chiletso ndi chimene chinabala zigawenga? Zigawengazo zinalipo kale. Ku New York ndi ku Chicago kunali timagulu ta achifwamba tolamulira juga, nyumba za uhule ndi kuopseza eni masitolo, ndipo andale ankatigwiritsa ntchito pa nthawi ya zisankho. Koma tinali timagulu ta m'makwalala, tosadutsa dera lawo. Chimene chiletso chinachita ndi kuwapatsa m'manja malonda amene anthu mamiliyoni, ngakhale aulemu wawo, ankawafuna tsiku ndi tsiku. Ndimakonda kuwauza ana anga a sukulu kuti aganizire za biya. Biya ndi wolemera, satheka kubisa m'thumba la jekete. Kuti ufike pakamwa pa womwa pamafunika fakitale, migolo, malole, madalaivala, mosungira, alonda a pamsewu, wolemba mabuku a ndalama, loya wokatulutsa ogwidwa, ndi wina woyenda ndi envelopu ku polisi. Munthu mmodzi sangathe zonsezi. Achifwamba anakakamizika kuphunzira kuyendetsa kampani.

Ndiye pali chinthu china chimene anthu ambiri sachiganizira. Wamalonda wovomerezeka akaberedwa katundu amapita ku polisi, mnzake akamuthawa ndi ngongole amapita kukhoti. Wogulitsa katundu woletsedwa akadandaula kwa yani? Khoti lake ndi mfuti. Ndi chifukwa chake malonda a mowa, amene kale ankatha ndi siginecha, anayamba kutha ndi maliro.

Onani mmene zinayendera ku Chicago. Mu May 1920, miyezi inayi chabe chiletso chiyambireni, mkulu wa zauchifwamba mumzindawo, Big Jim Colosimo, anawomberedwa pa lesitilanti yake. Amene anatenga malo ake, Johnny Torrio, anali munthu wofatsa pakamwa, ndipo anayesa kugawa mzinda kuti gulu lililonse lizigulitsa kwake popanda kulimbana. Mtenderewo sunakhalitse, chifukwa aliyense ankasirira dera la mnzake. Mu November 1924 Dean O'Banion, mtsogoleri wa gulu la kumpoto kwa mzinda, anaphedwa m'sitolo yake yogulitsa maluwa, wina atamugwira dzanja ngati akumupatsa moni. Mu January 1925 anzake anabwezera, Torrio anavulazidwa koopsa, ndipo atachira anasiyira zonse mnyamata wake wochokera ku Brooklyn, Al Capone, ali ndi zaka 26 zokha. Kubwezerana kunapitirira mpaka pa 14 February 1929, pamene anthu anayi, awiri atavala yunifolomu ya polisi, analowa m'galaja ina pa msewu wa North Clark n'kuuza amuna asanu ndi awiri a mbali ya Bugs Moran, amene panthawiyo ankatsogolera gulu la kumpoto lija, kuti ayang'ane kukhoma. Iwo anamvera osakana, poganiza kuti ndi apolisi abwera monga mwa masiku onse, nkhani ithera pa ndalama. Onse anawomberedwa. Capone tsikulo anali ku Florida, ndipo palibe amene anamangidwapo n'kupezeka wolakwa pa mlanduwo.

Kwa ine, mfundo yoti amunawo anatembenukira kukhoma mosaopa ndi yowawa kuposa kuchuluka kwa zipolopolo. Ikusonyeza kuti wapolisi ndi chigawenga anali atazolowerana ngati anthu a pa msika umodzi. Bala lalikulu la nthawi imeneyo linali limeneli. Ndalama za mowa zinagula apolisi, oweruza, makhansala ndi mameya. Mu 1924 anyamata a Capone analanda chisankho cha m'tauni ya Cicero ndi mfuti. Mu 1927 William Hale Thompson anabwerera pa umeya wa Chicago atalonjeza poyera kuti malo omwera adzatseguka, Capone ali kumbali yake. Ku New York, kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, apolisi eniake ankayerekezera kuti mashabini obisika, amene ankawatchula kuti speakeasy, aposa 30,000. Amene ankamwamo anali maloya, atolankhani, aphungu, ngakhale ena mwa amene anavotera chiletsocho. Akuluakulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Woweruza amene dzulo usiku anamwa whisky wozembetsa angagamule bwanji mwachilungamo mlandu wa womugulitsa?

Capone anagwa pa nkhani ya msonkho. Mu 1927 khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti ndalama zopezeka mwachinyengo nazonso ziyenera kudulidwa msonkho, ndipo akatswiri a mabuku a ndalama, motsogozedwa ndi Frank Wilson, anatsata mapepala ake kwa zaka. Ngakhale pamenepo panatsala pang'ono kuti apulumuke, chifukwa anthu wamba amene anasankhidwa kuti athandize kugamula mlanduwo anali atafikiridwa kale ndi anyamata ake. Woweruza James Wilkerson atamva, anawasinthanitsa ndi a khoti lina m'mawa wa tsiku loyamba. Mu October 1931 Capone analamulidwa kukakhala kundende zaka 11. Koma mowa ku Chicago sunasiye kuyenda ngakhale tsiku limodzi, gulu lake linangopitirira ndi atsogoleri ena. Chaka chomwecho ku New York, chigawenga china, Lucky Luciano, atachotsa mabwana awiri akale, Joe Masseria ndi Salvatore Maranzano, anakhazikitsa bwalo la akuluakulu a magulu loweruza mikangano yawo. Chiletso chitatha, maguluwa anali ndi chuma, maloya ndi abwenzi m'boma, ndiye anangosamukira ku juga, katapira, mabungwe a apantchito ndi mankhwala ozunguza bongo. Dziko linalimbana nawo kwa zaka makumi ambiri.

Pali mbali ina imene ikukhudza kwambiri anyamata anu, ndiyo ya mowa wakupha. Katundu akakhala woletsedwa, wozembetsa amasankha waukali chifukwa botolo limodzi la whisky limabisika kusiyana ndi mgolo wa biya. Anthu amene kale ankamwa mowa wopepuka anazolowera waukali. Ndipo panalibe woyeza chimene chili m'botolomo. Zigawenga zinkaba sipiliti wa m'mafakitale, amene boma linkalamula kuti azithiridwa poizoni monga methanol kuti asamwedwe, n'kumayesa kumusefa. Boma litaona kuti akusefa, linawonjezera poizoniyo. Pa Khirisimasi ya 1926 zipatala za ku New York zinadzaza ndi anthu ochita khungu ndi okomoka, ambiri anafa, ndipo dokotala wamkulu woyeza mitembo mumzindawo, Charles Norris, anadzudzula boma poyera. Mu 1930 mankhwala ena otchipa a jinja otchedwa Jamaica ginger, amene osauka ankamwa m'malo mwa mowa, anasakanizidwa ndi mankhwala a m'fakitale, ndipo anthu masauzande ambiri anapuwala miyendo, ena moyo wawo wonse. Olemera ankamwa whisky weniweni wa ku Canada ndi Scotland. Ofa ndi opuwala anali amphawi.

Koma tsopano mukamuuze mwana wanu mbali imene sanakuuzeni. Kumwa kunatsikadi. Akatswiri a zachuma awiri, Jeffrey Miron ndi Jeffrey Zwiebel, atafufuza mu 1991, anapeza kuti m'zaka zoyambirira anthu ankamwa pafupifupi 30 peresenti ya mmene ankamwera kale, kenako kunakwera kufika pakati pa 60 ndi 70 peresenti. Imfa za matenda a chiwindi zinatsika. M'madera a kumidzi kumene anthu ambiri anagwirizana nalo lamulolo ndi mtima wonse, mabanja ambiri anapuma. Ngakhale chiletso chitatha, panatenga zaka pafupifupi 40 kuti kamwedwe kabwerere pamene kanali kale. Choncho amene amati chiletso sichinaphule kanthu akulakwitsa. Chinaphula, koma pa mtengo umene dziko linaona kuti silingapitirize kulipira.

Ndipo amene anathandiza kuchigwetsa analinso mayi. Pauline Sabin poyamba anali kumbali ya chiletso poganizira ana ake aamuna. Anasintha maganizo ataona kuti kale mwini bala ankaopa kugulitsa kwa mwana kuti angalandidwe chiphaso, pamene mwini shabini yobisika analibe chiphaso choti ataye, ankagulitsa kwa aliyense wobwera ndi ndalama. Mu 1929 anayambitsa bungwe la amayi lofuna kuti lamulolo lichotsedwe, ndipo mamembala anapitirira miliyoni imodzi. Chaka chomwecho chuma cha dziko chinagwa, ntchito zinasowa, boma linayamba kulakalaka msonkho uja unkapita m'matumba a zigawenga. Pulezidenti Franklin Roosevelt atalowa m'boma, biya wopepuka analoledwa mu April 1933, ndipo pa 5 December 1933 chiletso chinathetsedwa. Sikuti anangotsegula chitseko n'kuchoka. Zigawo zinakhazikitsa ziphaso, maola ogulitsira, zaka za woyenera kugula ndi misonkho, zina zinasankha kuti boma lokha ndilo lizigulitsa mowa waukali, ndipo Mississippi inakhalabe yoletsa mpaka 1966. M'mizinda yambiri, kupeza mowa usiku kapena Lamulungu kunavuta kwambiri chiletso chitatha kusiyana ndi nthawi ya chiletso.

Tibwere kwanu, mayi. Ntcheu si Chicago, ndipo musaope kuti lamulo la a gulupu libweretsa anthu a mfuti. Koma kayendedwe ka zinthu n'kofanana, kungoti kakang'ono. Inu mukudziwa bwino kuti chakumeneko, madera ngati Lizulu ndi Biriwiri, msewu waukulu ndi umene uli malire, munthu akangooloka phula ali ku Mozambique. Mphamvu za a gulupu zimathera pa malire a midzi yawo. Mtsinje wa Detroit uja inu muli nawo pakhomo.

Ndinaonapo ndi maso anga m'mudzi wina, umene sinditchula dzina, mfumu italetsa kachasu yense, chindapusa chake mbuzi. Miyezi iwiri yoyamba kunali bata, amayi ankagona tulo. Kenako mbiya ndi mipope zinasamukira kudambo, kutcheza kunayamba kuchitika usiku, ndipo ana a sukulu ndi amene ankatumidwa kunyamula zigubu m'zikwama za mabuku poti iwo sankasechedwa. Botolo linakwera mtengo, ndiye amuna aja ankawononga ndalama zambiri kuposa kale. Chimene chinandipweteka kwambiri ndinachiona pa bwalo. Mayi wamasiye, wolera adzukulu anayi, anakhala pansi atazolika, mbuzi yake yokhayo ataimangirira pa mtengo ngati chindapusa. Anthu onse pabwalopo ankadziwa kuti wotcheza wamkulu m'mudzimo ndi mlamu wa mmodzi wa anyamata olondera, ndipo mowa wake sunagwidwepo. Mayiyo sanalankhule kanthu, koma kuchokera tsiku limenelo lamulolo linafa m'mitima ya anthu, ndipo ulemu wa mfumu unapita nalo limodzi.

Sindikunena kuti chiletso chilichonse chimalephera. Zambia inaletsa timapaketi ta tujilijili mu 2012, ndipo kuno kwathunso masacheti analetsedwa. Opanga ena anathawira ku timabotolo, n'zoona, koma kapaketi kamene mwana ankakabisa m'sokosi n'kumwera m'kalasi kanachepa. Chiletso chimenecho chinalunjika pa chinthu chimodzi chooneka, chopangidwa ndi mafakitale owerengeka, ndipo anthu ambiri, ngakhale akumwa amene, anagwirizana nacho. Ku South Africa mu 2020, pa nthawi ya Covid-19, boma litaletsa kugulitsa mowa, zipatala zinaona ovulala pa ngozi ndi ndewu akuchepa, koma nthawi yomweyo msika wamdima unakula, monga abale athu okhala ku Joni angakuuzeni. Mbali ziwiri zonsezi zimayendera limodzi.

Ndiye ine ndikanakhala pakati panu, ndikanapempha a gulupu zinthu zochepa zimene mudzi wonse ungathe kuziona ndi kuzisunga. Mowa usagulitsidwe m'mawa anthu asanapite kumunda, ndipo pakhale ola lotsekera usiku. Wogulitsa kwa mwana, kapena wotuma mwana kukagula, alipe chindapusa chowawa. Pafupi ndi sukulu pasakhale malo omwera. Wogulitsa asalandire chimanga, feteleza, ziwiya kapena zofunda za m'nyumba ngati malipiro a mowa, ndipo akalandira abweze kwa mkazi wa mwini wake. Wothira zinthu zachilendo m'mowa kuti ukalipe, ameneyo nkhani yake ipite ku polisi, isathere pa mbuzi. Musaike masese ndi kachasu m'thumba limodzi monga anachitira a ku America ndi biya, chifukwa mukatero mudzasandutsa adani anthu ambiri amene akanakhala mbali yanu, ndipo omwa adzathamangira ku waukali umene umabisika. Chindapusa chizilembedwa m'buku, chiziwerengedwa pa bwalo, ndipo amayi mukhale nawo m'komiti yoyang'anira. Lamulolo likagwira mbale wa mfumu tsiku loyamba, lidzakhala ndi moyo.

Otchezawo muwaitane ku msonkhano, musawaweruze ali kunja. Ambiri ndi amayi anzanu amene fizi ya ana ndi sopo zimachokera mu mbiya imeneyo, monga mabanja aja a ku Chicago ankakhalira pa madola 15. Mukawatsekera popanda pogwira pena, adzapita kudambo. Ngati muli ndi banki m'khonde, kambiranani zowathandiza mpamba wa geni ina, ngakhale aziyamba awiri awiri.

Pali zinthu zina zimene simuyenera kulimbana nazo nokha. Musanakhazikitse malamulowo, a gulupu akaonane ndi a T/A ndi a ku khonsolo ya boma, chifukwa ziphaso za mowa zili m'manja mwa khonsolo, ndipo malamulo a m'mudzi sayenera kusemphana ndi a dziko. Musalole anyamata kuthyola nyumba za anthu, kuswa katundu kapena kumenya wogwidwa, chifukwa mlandu udzatembenukira inu. Wina akayamba kukuopsezani chifukwa cha nkhaniyi, kanenani ku polisi msanga, ndipo mukaona kuti woyenera kusunga lamulo akulandira kangachepe, bungwe lothana ndi katangale lilipo. Mayi amene akumenyedwa ndi mwamuna woledzera asadikire lamulo la mowa, apite ku ofesi ya polisi yothandiza ochitiridwa nkhanza.

Za kuchipatala ndikupemphani muwauze amayi onse. Munthu akamwa mowa wosadziwika bwino, patapita maola angapo kapena tsiku n'kuyamba kuona zinthu mwachimbuuzi, mutu kuwawa kwambiri, kusanza, m'mimba kupotokola kapena kupuma mothamanga, musati ndi matsire, musamugoneke kuti ziphwe. Thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo, mutenge ndi botolo limene anamwalo, ndipo amene anamwa naye limodzi apitenso ngakhale akuoneka abwinobwino. Za mlamu wanunso samalani. Munthu amene wamwa kwambiri tsiku ndi tsiku kwa zaka, akasiya mwadzidzidzi thupi limatha kunjenjemera, kutuluka thukuta, kuona zinthu zimene palibe, ngakhale kugwa ngati wakhunyu, ndipo zimenezi zimapha. Ngati wavomera kusiya, mupite naye ku chipatala cha boma mukafunse wa zamaganizo kapena dokotala, kuti asiye akuyang'aniridwa. Ndipo ngati lamulo lanu lidutsa, dziwitsani a zaumoyo a m'dera lanu tsiku limene liyambe, kuti sabata yoyambayo akhale tcheru ndi anthu ngati iyeyo.

Mwana wanu wa ku koleji uja mupite naye ku bwalo tchuthi chikubwerachi. Mumupatse ntchito yolemba: malo otchezera ndi angati, amatsegula nthawi yanji, ana angati asiya sukulu, ndi mabanja angati agulitsa chimanga chifukwa cha mowa chaka chino. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi adzawerengenso, a gulupu ndi mudzi wonse akumva.